Kwawo kwa chimanga: zolemba za ulendo wa ku Mexico

Tsiku loyamba, Mexico City

Ndinafika mumzinda uno usiku wapitawu, ndipo m'mawa uno ndadzuka mutu ukundiwawa komanso ndikubanika ndikangokwera masitepe ochepa. Mayi amene amayang'anira nyumba ya alendo anandiuza, kudzera mwa wophunzira za ulimi amene wavomera kuti azindimasulira Chisipanishi pa ulendo wonsewu, kuti ndisade nkhawa, chifukwa mzindawu uli pamalo okwera mamita pafupifupi 2,240 ndipo thupi limatenga masiku angapo kuti lizolowere. Ndakhala zaka zambiri ndikuphunzitsa ana a sukulu ziwalo za mbewu ndi ntchito zake, koma nthawi zonse ndinkadalira zithunzi za m'mabuku ndi mapesi ochepa odulidwa kuseri kwa kalasi. Ndabwera mu Ogasiti, pakati pa nyengo ya mvula ya kuno, kuti ndione chimanga chili chiimire m'dziko limene chinachokera.

Masana tinakwera sitima yapansi pa nthaka, imene tikiti yake inali mapeso 5 kaya munthu akupita pafupi kaya kutali, ndipo tinakatsikira pafupi ndi kachigayo kamene amakonzerako ufa wonyowa wopangira tortilla, timikate tachimanga topyapyala tophwatalala. Chimanga amachiwiritsa m'madzi osakaniza ndi laimu n'kuchisiya chigone m'madzimo usiku wonse, ndipo chikatero amachitcha nixtamal. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo ataona kuti ndikusuzumira m'beseni anati, "Pisani dzanja, bambo, chazizira kale." Nditafikisa maso angapo ndi zala, khungu lake linasupuka lokha ngati pepala lonyowa. Khungu limeneli si la mbewu yokha ayi, koma ndi khoma la chipatso limene linamatirira ku mbewu, moti diso lililonse la chimanga ndi chipatso pachokha. Nditang'amba diso limodzi ndi chikhadabo ndinaona mbali zake ziwiri: nkhokwe yaikulu ya chakudya, imene ndiyo imasanduka ufa, ndi mtima wamafuta umene uli chammbali, momwe mwagona kale kambewu kathunthu kokhala ndi kamuzu ndi timasamba pafupifupi tisanu topindana.

Laimuyo amamasulanso niacin, vitamini imene m'chimanga chosaviikidwa motere imakhala yomangika moti thupi la munthu limalephera kuiyamwa. Chimanga chitawoloka nyanja kupita ku Ulaya, luso limeneli linatsalira kuno, ndipo m'zaka za m'ma 1700 alimi osauka a ku Spain ndi kumpoto kwa Italy amene ankadalira chimanga chokha anayamba kudwala nthenda ya pellagra, imene imabwera thupi likasowa niacin. Mayi aja anatipatsa tortilla ziwiri zotentha ndipo anakana ndalama.

Tsiku lachiwiri, Texcoco

Basi yobwera kuno imanyamukira pa depoti yaikulu ya TAPO, ndipo ikangotuluka m'chipwirikiti cha mzinda minda imayamba kuoneka m'mbali mwa msewu. Titatsika n'kuyamba kuyenda pansi, chimene chinandikopa maso choyamba ndi mapesi. M'chimanga cha kumtunda kuno, mbali ya tsamba imene imakulunga phesi ndi yofiirira moderako ndiponso yaubweya ngati mkono wa munthu wamkulu. Kuderako kumakoka kutentha kwa dzuwa ndipo ubweyawo umakusunga pafupi ndi phesi, zimene n'zofunika m'dera limene m'mawa kumazizira ngakhale pakati pa nyengo yolima.

Mwini munda wina, bambo wachikulire wovala chipewa cha udzu, anatifunsa chimene tinkafuna, ndipo atamva kuti ndayenda ulendo wonsewu kudzaona teosinte, udzu umene iwo amalimbana nawo chaka ndi chaka, anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati ukakhala waung'ono palibe wopalira amene angausiyanitse ndi chimanga, n'chifukwa chake sutha m'minda. Anatitengera kumalire a munda kumene kunali tsinde limodzi lalikulu. Masamba ake ndi ngayaye yake zinali za chimanga ndithu, koma m'malo mwa phesi limodzi lobereka mwana mmodzi kapena awiri, chomerachi chinali ndi nthambi m'mbali, ndipo pa mfundo zambiri panali timakoko ting'onoting'ono. Mbewu za chaka chino zinali zisanakhwime, choncho bambowo anakanda dothi ndi chala n'kutola za chaka chatha, timbewu ta ngodya zitatu, tosalala, tolimba ngati timiyala ta mumtsinje. Ndinayesa kuluma kamodzi koma ndinaleka msanga poopa kugulula dzino ndili kutali chonchi.

Kangala ka teosinte kamakhala ndi timbewu pakati pa 5 ndi 12, kalikonse kotsekeredwa m'chigoba chake, ndipo kakakhwima kamayoyoka kokha timbewu n'kumwazika. Chigobacho chimateteza mbewu ngakhale itadutsa m'mimba mwa nyama. M'chimanga, ziwalo zimene zinkapanga chigoba zinafupika n'kukhala mbali ya chitsononkho, maso anatsala pamtunda, ndipo sachoka mpaka munthu atawatong'ola. Mwana wa chimanga kwenikweni ndi nthambi imene mfundo zake zinapanikizana pamodzi, ndipo makoko ndi masamba a nthambi imeneyo. Chotsatira chake n'chakuti chimanga sichingadzifese chokha. Chikagwa pansi ndi makoko ake, maso onse amamera malo amodzi n'kuphana okhaokha polimbirana madzi ndi kuwala.

George Beadle, wasayansi wa ku America, ananena mu 1939 kuti teosinte ndiye kholo la chimanga, koma akatswiri ambiri anamutsutsa chifukwa ngala za zomera ziwirizi n'zosiyana kutali. Atapuma pa ntchito, m'zaka za m'ma 1970, anazikwatitsa n'kudzala zidzukulu zake pafupifupi 50,000 kuno ku Mexico. Anapeza kuti pa zomera 500 zilizonse, chimodzi chinkatengera teosinte weniweni ndipo chinanso chimodzi chinkatengera chimanga chenicheni, chiwerengero chimene chinasonyeza kuti kusiyana kwakukulu kumachokera ku majini, kapena kuti malangizo a chibadwa, anayi kapena asanu okha. Pambuyo pake John Doebley ndi anzake anapeza ena mwa majiniwo, kuphatikizapo limene limaletsa chimanga kuphuka nthambi. Kholo lenileni si teosinte wa kumtunda amene ndamuona leroyu, koma m'bale wake wa m'chigwa chotentha cha mtsinje wa Balsas, kumene anthu anayamba kusankha mbewu zimenezi zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ndikanakonda kupitako, koma masiku ndi m'thumba sizikulola.

Madzulo kunagwa mvula ya matalala, ndipo tinausa m'khumbi la bambo aja. Iwo anati matalala a mwezi uno ndi amene amawaopa, osati a nthawi imene chimanga chili chaching'ono. Akunena zoona, chifukwa mpaka chitafika masamba pafupifupi asanu ndi limodzi, nsonga imene imatulutsa masamba atsopano imakhala ikadali pansi pa nthaka, kotero kuti ngakhale masamba onse apamwamba atang'ambika, chimaphukanso.

Tsiku lachitatu, El Batán

Likulu la CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu limene linakhazikitsidwa mu 1966, silili patali ndi Texcoco, ndipo tinali titapempha kale chilolezo chodzaona malowa. M'nkhokwe yawo amasungamo mitundu ya chimanga yoposa 28,000 ndi ya tirigu yochuluka kuposa pamenepo. Mbewu zosungidwa kwa nthawi yaitali amayamba aziumitsa, kenako n'kuziika pamalo ozizira madigiri 18 pansi pa ziro. Mbewu youma ndi yamoyo ndipo imapuma, koma pang'onopang'ono kwambiri, ndipo chinyezi ndi kutentha zikachepa kupumako kumacheperachepera, mbewu n'kukhala zaka zambiri isanakalambe. Sindinakhalitse ngakhale m'chipinda chakunja, popeza jekete limene ndinabwera nalo silinali la kuzizira kotero.

Nthawi yambiri ndinaithera m'munda ndi mayi wina amene ntchito yake ndi kukwatitsa chimanga ndi manja. Amaveka ana a chimanga timatumba ndevu zisanatuluke, n'kuvekanso ngayaye thumba lapepala, kuti mungu wa chomera chimene asankha ukafike pa ndevu zimene asankha basi. Ntchitoyi amaigwira chakum'mawa mame atangouma, chifukwa ndi nthawi imene ngayaye imakhuthula mungu, ndipo mungu wa chimanga suchedwa kufa padzuwa. Mayiwo anathyola mwana mmodzi, n'kudula makoko mosamala ndi kampeni, n'kundipatsa. "Gwedezani pang'ono, aphunzitsi," anatero. Nditagwedeza, ndevu zambiri zinathothoka n'kugwa, koma zakunsonga zinakanirira. Ndevu iliyonse imachokera pa diso limodzi, ndipo mungu ukagwerapo umamera kachubu kopyapyala kamene kamayenda m'kati mwa ndevuyo mpaka kukafika pa dzira, ulendo umene umatenga pafupifupi tsiku limodzi. Diso likalandira mungu, ndevu yake imaduka patsinde pakapita masiku ochepa, ndipo imene yakanirira ndiye kuti diso lake likudikirabe. Ndevu zakunsonga ndizo zimatuluka pomaliza, n'chifukwa chake kawirikawiri chitsononkho chimakhala chopanda maso kunsonga. Zimenezi ndaziphunzitsa kambirimbiri, koma ndinali ndisanagwedezepo chimanga chonchi, ndipo ndinachita manyazi pang'ono.

Apa m'pamene chilala chimapweteka kwambiri. Madzi akachepa nthawi yomasula, ngayaye imatulukabe pafupifupi pa nthawi yake, koma ndevu zimachedwa, chifukwa kutalika kwake kumadalira madzi odzaza m'maselo ake. Zikatuluka mungu utatha kale, phesi limaoneka labwinobwino koma mwana wake alibe maso. Ofufuza a bungweli, pogwiritsa ntchito munda wawo wa ku Tlaltizapán, kumene m'chilimwe mvula sigwa ndipo madzi othirira amachita kuyeza, anakhala zaka zambiri akusankha zomera zimene ndevu zake sizichedwa ngakhale zili ndi ludzu, ndipo khalidwe limeneli likadali pakati pa zimene amayang'ana popanga mbewu zopirira chilala.

Masana anandionetsa kachidutswa ka tsamba la chimanga pa maikulosikopu, kodulidwa chopingasa. Mtsempha uliwonse wazunguliridwa ndi mkombero wa maselo akuluakulu obiriwira kwambiri, umene dzina lake ndi mawu a Chijeremani akuti Kranz, kutanthauza nkhata. Ntchito yake inayamba kumveka mu 1966, pamene Hatch ndi Slack ku Australia anafotokoza njira imene tsopano imatchedwa C4. Maselo akunja amagwira mpweya wa kaboni dayokisaidi n'kuusandutsa asidi, asidiyo amalowa m'maselo a nkhata, ndipo kumeneko mpweyawo umamasulidwanso wochuluka pamalo amodzi. Rubisco, puloteni imene imayambitsa ntchito yopanga shuga, ili ndi chilema chakuti kukatentha imagwira okosijeni m'malo mwa kaboni dayokisaidi, ndipo chomera chimataya mphamvu pokonza cholakwacho. M'kati mwa nkhata cholakwachi sichichitika kwenikweni, komanso tsamba silifunika kutsegula kwambiri timabowo take, motero limataya madzi ochepa. Chimanga, mapira ndi nzimbe zili ndi nkhata imeneyi, pamene tirigu, mpunga ndi nyemba zilibe.

Za tirigu ndilemba mwachidule chifukwa ndatopa. Norman Borlaug, amene anabwera ku Mexico mu 1944 n'kudzalandira mphoto ya Nobel mu 1970, anagwiritsa ntchito tirigu wamfupi wochokera ku mtundu wa ku Japan wotchedwa Norin 10 popanga mitundu imene siigwa ikathiridwa feteleza wambiri. Phesi lake silimva kwenikweni mphamvu ya gibberellin, timadzi ta m'chomera timene timatalikitsa mpata wa pakati pa mfundo, choncho chakudya chimene chikanapita ku phesi chimapita ku ngala.

Tsiku lachinayi, panjira yopita ku Oaxaca

Tinabwerera ku Mexico City m'mamawa, ndipo tinadikira basi maola atatu chifukwa ndinasokoneza nthawi ya pa tikiti. Cholakwa chinali changa. Podikira ndinagula chimanga chophika chopakidwa mayonezi, tchizi, tsabola ndi madzi a ndimu, chimene kuno amachitcha elote. Ndisanadye ndinawerenga mizere ya maso ndipo inali 12, pamene cha mnzanga wondimasulira uja chinali ndi 14. Mizere siikhala 11 kapena 13, chifukwa timaluwa ta pa chitsononkho timaphuka tiwiritiwiri. Wogulitsayo ankandiyang'ana ngati munthu amene akukayikira malonda ake.

Titadutsa Puebla dziko linayamba kuuma, ndipo pofika m'dera la Tehuacán mapiri anali atadzaza ndi mitengo yaminga yopanda masamba, yoima chilili ngati mizati. M'mapanga a m'chigwa chimenechi, monga la Coxcatlán, Richard MacNeish anafukula tizitsononkho takale m'zaka za m'ma 1960. M'minda ina yosathiriridwa, masamba a chimanga anali atapindika n'kusongoka ngati a anyezi. Kupindika kumeneku si kufa ayi. Pamwamba pa tsamba pali mizere ya maselo akuluakulu a khoma lopyapyala amene amakhala oyamba kuphwa madzi akachepa, ndipo akaphwa tsamba limadzikulunga, n'kuchepetsa malo owombedwa ndi dzuwa ndi mphepo. Chimanga chikapindika masana okha n'kutambasuka madzulo, ndiye kuti chikudziteteza, koma chikapezeka chopindika m'mamawa, pamenepo zinthu zaipa.

Bambo amene ndinakhala nawo mpando umodzi ankatsikira ku Nochixtlán, m'dera la Mixteca Alta, kumene mapiri ake ndi ofiira ndiponso okokoloka mochititsa chisoni. Ataona kuti ndikujambula masamba m'kope, anatigawira malalanje n'kutifotokozera za chimanga cha kwawo chimene amachitcha cajete. Amachidzala miyezi ingapo mvula isanayambe, pokumba kadzenje kotakasuka mpaka atapeza chinyezi chotsala cha chaka chatha, n'kuboolanso pansi pake ndi ndodo yosongoka. Mbewu wamba itakwiriridwa mozama chonchi ingafere m'nthaka momwemo. Ya cajete imatuluka chifukwa kachitsinde koyera ka pakati pa diso ndi mphukira kamatha kutalika kwambiri mumdima, kukankhira m'mwamba masamba amene akadali m'chimake, ndipo kamasiya kukula nsonga ikangomva kuwala. Mpaka nthawi imeneyo kambewuko kamakhala kakudya za m'nkhokwe ya diso lija basi. Tinafika ku Oaxaca kutada, miyendo itatupa.

Tsiku lachisanu, Mitla ndi Santiago Matatlán

Phanga la Guilá Naquitz lili m'matanthwe a pafupi ndi Mitla. Sitinakwereko chifukwa sitinapeze munthu wotilondolera, choncho ndinangoyang'ana matanthwewo chapatali. Kent Flannery anafukula m'phangamo mu 1966, ndipo zina mwa zimene zinapezeka ndi nthangala za maungu za zaka pafupifupi 10,000 ndiponso tizitsononkho ta zaka pafupifupi 6,250, tofupika kuposa chala, tokhala ndi mizere iwiri kapena inayi ya maso. N'tating'ono, koma maso ake anali atasiya kale kuyoyoka okha, ndiye kuti pa nthawiyo chomeracho chinali chitayamba kale kudalira manja a anthu.

Tsiku lonse linapita ku mbewu ziwiri za malo ouma. Mnzanga anandidzutsa m'bandakucha kuti ndilawe nopal, chomera chaminga chimene kuno amadya ngati ndiwo, chimene zikhatho zake zokhuthala kwenikweni ndi tsinde lophwatalala osati masamba. Chikhatho chothyoledwa dzuwa lisanakwere chinali chowawasa, koma cha pa chomera chomwecho chimene tinathyola titabwerera madzulo chinali chozizira m'kamwa. Chomerachi chimatsegula timabowo take usiku, pamene kwazizira ndipo madzi sauluka msanga, n'kugwira kaboni dayokisaidi n'kumusunga ngati asidi. Kukacha chimatseka timabowoto n'kumaphwanya asidiyo pang'onopang'ono popanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa, motero kuwawasa kumatha dzuwa likamapendeka. Chinanazi ndi khonje zimachitanso chimodzimodzi.

Maguey, amene wadzaza minda ya ku Matatlán, ndi m'bale wa khonje, ndipo mtundu umene amalima kwambiri pophikira mowa wa mezcal ndi espadín. Kwa zaka 7 kapena 8 chomerachi chimangounjika chakudya mumtima mwake, kenako chimatulutsa mlongoti wa maluwa wotalika mamita angapo, n'kubereka kamodzi kokha, n'kufa. Alimi amadula mlongotiwo ukangoyamba kuti chakudya chonse chitsale mumtima. Mtima wauwisi sutsekemera, chifukwa shuga wake amakhala wolumikizana m'maunyolo aatali amene amaduka ndi moto, koma chidutswa chowotchedwa m'dzenje chimene mlimi wina anatilawitsa chinali ngati nzimbe yopserera. Mowa weniweniwo ndinaukana mwaulemu poganizira msewu wa mawa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, panjira yokwera ku Sierra Mixe

Tinanyamuka pa galimoto ya matola titathithikana. Titadutsa Ayutla msewu unasanduka makhota okhaokha, mbali imodzi khoma la phiri, mbali inayo phompho limene pansi pake sipankaoneka chifukwa cha nkhungu. Ndiulule kuti ndinatsinzina kangapo m'manja muli thukuta, pamene mayi amene anakhala pambali panga anali m'tulo mwana ali pamiyendo. Phiri la Zempoaltépetl, limene anthu a mtundu wa Mixe amalilemekeza kwambiri, silinaoneke n'komwe. Nkhungu ikang'ambika pang'ono ndinkaona minda yolendewera pa zitunda zotsetsereka kwambiri moti ndinadabwa kuti munthu amaima bwanji popalira.

Mlendo salowa m'minda ya kuno asanaonekere kwa akuluakulu a mudzi. Tinadikira pakhonde mpaka chakumadzulo tikunjenjemera, ndipo mayi wina wa nyumba yoyandikana anatibweretsera khofi wotentha ndi tamales, chakudya cha ufa wa chimanga chophikidwa chili chokulungidwa m'masamba, osatifunsa kuti ndife yani. Akuluakuluwo atabwera, mawu anga ankadutsa mwa omasulira awiri asanawafike. Anatilola kuona ndi kulemba, koma anatiuza mosapita m'mbali kuti tisatenge mbewu ngakhale diso limodzi. Sindinaone cholakwika pa lamulo limeneli.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, m'munda wa olotón

Mvula inagwa usiku wonse, ndipo mwini munda amene anatiperekeza anati tabwera tsiku labwino. Chimanga cha kuno, cha mtundu wotchedwa olotón, chimatha kutalika kupitirira mamita 5 ndipo chimatenga miyezi pafupifupi 8 kuti chikhwime, moti kulowa m'munda wake kuli ngati kulowa m'nkhalango ya nsungwi. Chimanga chilichonse chimatulutsa mizu yochirikiza pa mfundo ziwiri kapena zitatu zam'munsi, imene imaloza pansi n'kulowa m'nthaka, makamaka mlimi akabandira. Ichi chimatulutsa mizu yotero pa mfundo 8 kapena 10, ina kumtunda kwa phewa langa, yofiira, yonenepa ngati zala, ndipo yambiri siifika pansi n'komwe. Lero m'mawa muzu uliwonse unali utakutidwa ndi madzi okhuthala oonekera ngati galasi, akulendewera n'kumadontha pang'onopang'ono. Nditawakhudza anatamuka pakati pa zala ngati thelere, ndipo analibe fungo. Mwini mundayo anati kukakhala dzuwa mizuyo imauma, koma mvula ikangogwa sipatenga nthawi isanayambenso kudontha.

Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya California ku Davis, a ku yunivesite ya Wisconsin ku Madison ndi anzawo a ku Oaxaca anafalitsa m'magazini ya PLOS Biology zotsatira zosonyeza kuti chimanga cha m'dera lino chimapeza pakati pa 29 ndi 82 peresenti ya nayitrojeni wake, chakudya cha mbewu chimene alimi amathira kudzera mu feteleza, kuchokera mumpweya. Mpweya umene timapuma uli ndi nayitrojeni wokwana 78 peresenti, koma palibe chomera chimene chingamugwiritse ntchito pachokha. Amene amatha kumuphwanya ndi mabakiteriya ena, koma ntchitoyo imafuna shuga wambiri ndiponso chida chawo chogwirira ntchitoyo chimawonongeka chikakumana ndi okosijeni. Madzi otamukawo amawapatsa zonse ziwiri, chifukwa ndi odzaza ndi shuga ndipo kukhuthala kwake kumatchinga okosijeni kuti asalowe msanga.

Pa mapesi omwewo panayanga nyemba, ndipo pansi panali masamba otambalala a maungu amene amaphimba nthaka kuti isaume ndiponso kuti udzu usamere. Ndinapempha bambowo ngati angandikumbire muzu umodzi wa nyemba, ndipo anavomera. Pa mitsitsi yake panali timibulu tating'ono tambiri, momwe mumakhala mabakiteriya ogwira nayitrojeni. Nditaphwanya kamodzi ndi chikhadabo, m'kati munali mofiirira ngati nyama yosapsa. Mtundu umenewo umachokera ku puloteni yofanana ndi imene imafiiritsa magazi athu, ndipo ntchito yake ndi kugwira okosijeni kuti azifika kwa mabakiteriya pang'onopang'ono, wokwanira kupuma koma wosakwanira kuwononga. Kambulu kamene m'kati mwake muli moyera kapena mobiriwira ndiye kuti sikanayambe ntchito kapena kaleka. Ndinakhala pansi m'matope momwemo, muzu wa nyemba kudzanja limodzi ndi madzi a chimanga akudontha pachipewa, ndikuyesa kujambula zonse ziwiri kope lisananyowe.

Nkhani ya chimangachi itatuluka, ambiri anailemba ngati kuti feteleza watsala pang'ono kutha ntchito. Ine ndikuona kuti anafulumira. Shuga amene amapita m'madzi otamukawo ndi amene akanapita ku maso a chimanga, mizuyo imagwira ntchito pokhapokha ikanyowa, ndipo pano mvula ndi nkhungu sizisowa pa nthawi imene chimanga chikuzifuna. Kusamutsira khalidweli ku chimanga chachifupi chocha msanga ndi ntchito imene ofufuza akuyesabe. Palinso funso la amene ayenera kupindula. Panapangidwa mgwirizano motsatira pangano la Nagoya, limene mayiko anagwirizana pa za kugawana phindu lochokera ku mbewu ndi zamoyo zina, koma ku Oaxaca anthu akukanganabe, popeza olotón amalimidwa m'midzi yambiri osati umodzi.

Bambowo sananenepo za mabakiteriya. Nditawafunsa mmene amasankhira mbewu, anati amatenga ku mapesi amene sanagwe ndi mphepo, n'kutong'ola maso apakati okha, akunsonga ndi akutsinde n'kupita kukhitchini, monga mmene anawaphunzitsira makolo awo. Kenako anandifunsa ngati ndinadya m'mawa, ndipo nditazengereza kuyankha anatitsogolera kunyumba kwawo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Oaxaca

Potsika phiri sindinaope ngati pokwera, mwina chifukwa ndinagona pafupifupi njira yonse. Madzulo ano ndatsuka matope a nsapato ndipo ndakutumula matumba onse a jekete ndi thalauza, kuti nditsimikize kuti sindinanyamule mbewu iliyonse mosadziwa monga tinalonjezera. Munali khoko la lalanje la bambo a ku Nochixtlán ndi timatikiti basi. Masamba awiri a kope langa amatirirana chifukwa madzi aja a m'mizu anadontherapo n'kuuma. Ndayesa kuwamatula ndi nthunzi ya ketulo ya m'chipinda, koma chithunzi cha muzu chang'ambika pakati, ndipo pamene ndinalemba chiwerengero cha mfundo pafufutika, moti sindikuona bwino ngati ndinalemba 8 kapena 9. Basi yobwerera ku Mexico City inyamuka mawa m'mawa, ndipo tikiti ndaipereka kwa mnzanga kuti aisunge yekha.